MFUNDU, KHUNGU LOUMA NDI CHIPERE: Nkhani yokamba kwa amayi pa tsiku la sikelo

Ena mwa inu mwayenda mtunda wautali mwana ali kumbuyo, ndipo ena mwasiya khasu kumunda kuti mufike kuno m'mawa uno. Tikuthokozani chifukwa cha khama lanu. Tisanayambe kuyeza ana ndi kupereka katemera, tiyeni tikambirane za khungu la m'mutu, pamene tsitsi la mwana limamera.

Mwezi ndi mwezi timaona ana ovala zipewa zaubweya ngakhale dzuwa lili phwee. Tikamuvula mwana chipewa kuti akwere pa sikelo, timapeza mutu uli mbuu, monga ngati wina wamuwaza gaga. Tikafunsa, mayi amayankha mwamanyazi nati, "Ndi mfundu chabe, anamwino, ndamudzola kale mafuta." Nthawi zina mayiyo amanena zoona. Koma kawirikawiri, makamaka ngati mwanayo ndi woyenda kale, chimene chili m'mutumo si mfundu konse. Dzina limodzi limeneli timatchulira zinthu zingapo zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi chiyambi chake ndi mankhwala ake. Mayi akasokoneza, amataya ndalama pa mafuta osathandiza, mwana nakhala akukanda miyezi yambiri, mwinanso natsala ndi dazi la moyo wake wonse.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi khungu lenilenilo. Khungu la munthu silikhala lomwelo chaka chonse ayi. Pansi pake pamabadwa latsopano nthawi zonse, ndipo lakale limakwera pamwamba, liuma, ligwa. Ulendo umenewu umatenga pafupifupi mwezi umodzi, ndipo tizidutswa timene timagwa ndi tating'ono kotero kuti maso sationa. Njoka imafundula khungu lonse nthawi imodzi; ife timafundula pang'onopang'ono tsiku lililonse osadziwa. Pa tsinde la tsitsi palinso timatumba totulutsa mafuta amene amafewetsa khungu. Mafuta amenewa muwakumbukire, chifukwa nkhani yathu yonse yagona pa iwo. Khanda limakhala nawo ambiri kwa miyezi yochepa. Mwana woyenda amakhala nawo ochepa kwambiri. Ndipo munthu akatha msinkhu amachulukanso.

Nkhanambo za m'mutu mwa khanda

Inu amene muli ndi makanda, yang'anani pamwamba pa mutu wa mwana. Ana ambiri, kuyambira masabata oyamba kufikira miyezi itatu, amachita nkhanambo zachikasu kapena zofiirira, zonona, zomatirira pa khungu, makamaka pa liwombo ndi pozungulira pake. Nthawi zina zimafika pa nsidze ndi kuseri kwa makutu. Apongozi akaziona amati mayi ndi waulesi, sasambitsa mwana. Ena amati ndi litsiro la pobadwa limene azamba sanatsuke, ndipo ena amathamangira kunena za tsempho, m'banja nimubuka mkangano. Zonsezi si zoona. Mwana akadali m'mimba amalandira kwa mayi wake timadzi totchedwa mahomoni, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti ndi timeneti timachititsa timatumba ta mafuta kugwira ntchito mopitirira pa miyezi yoyambayo. Mafutawo amamata khungu lakale kuti lisagwe, ndiye nkhanambo mukuonazo. Sizipatsirana, siziyabwa, ndiponso sizipweteka. Mwana amayamwa ndi kugona monga mwa nthawi zonse. Zambiri zimatha zokha mwana asanakwanitse chaka.

Ngati mufuna kuti zichoke msanga, chitani motere. Madzulo tengani mafuta oyera a Vaseline, opanda fungo, mupake pang'ono pa nkhanambozo kuti zifewe usiku. M'mawa mumusambitse mwana m'mutu ndi madzi ofunda ndi sopo wofewa wosambira, mukupukuta mofatsa ndi kansalu koyera. Zimene zafewa zidzachoka; zotsala zisiyeni, mudzabwereza tsiku lina. Tsitsi lina lingathe kuchoka pamodzi ndi nkhanambo, koma musade nkhawa, limameranso. Chimene tikuletsa ndi kutokosa ndi zikhadabo, kupala ndi lumo, kapena kukhula ndi chinkhupule. Khungu la khanda ndi lopyapyala, ndipo mukalivulaza mwatsekulira khomo tizilombo toyambitsa mafinya. Chinthu chimene sichinali matenda mwachisandutsa chilonda.

Ndiime pang'ono pa liwombo, popeza ndi pamene amayi ambiri amaopa kufikitsa madzi. Pansi pa khungu la pamenepo pali chikopa cholimba chotchinjiriza ubongo, kotero dzanja lofatsa la mayi silingavulaze mwana. Liwombo limatsekeka lokha, kawirikawiri mwana ali pakati pa chaka chimodzi ndi chaka ndi theka, ndipo silifuna mankhwala oti litseke. Mankhwala akuda osakaniza ndi mafuta amene ena amamata pamenepo amangounjika litsiro, ndiponso amabisa chizindikiro chimene ife timafuna kuchiona. Liwombo likalowa m'kati mwana akutsekula m'mimba, ndiye kuti madzi achepa m'thupi: pitirizani kuyamwitsa, mumpatse Thanzi ORS, mubwere naye msanga. Likatupa nililimba mwana akutentha thupi, musagone naye kunyumba usiku umenewo.

Nkhanambo za khanda muzibweretse kuno ngati pansi pake pafiira, pakutuluka madzi kapena pakununkha. Ngati zafalikira kumaso, m'khosi, m'khwapa ndi pa thewera. Ngati mwana akudzikanda ndi kulira. Kapena ngati sikelo yake yaleka kukwera.

Khungu louma

Miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba, milomo imang'aluka ndipo miyendo ya ana imatuwa. Khungu la m'mutu nalonso limauma chimodzimodzi. Tizidutswa take ndi tating'ono, toyera, touma ngati ufa woyera. Mukayang'ana mikono ndi miyendo ya mwanayo mudzapeza kuti nayonso yatuwa, koma tsitsi lili lonse, palibe pamene laduka kapena pamene pachita dazi.

Kuwonjezera pa mphepo, chimene chimaumitsa khungu ndi madzi otentha kwambiri ndi sopo waukali. Ndikudziwa kuti sopo ndi wodula, ndi kuti m'nyumba zambiri mtanda umodzi womwewo ndiwo wochapira, wotsukira mbale ndi wosambira. Sindikukudzudzulani. Koma sopo waufa wochapira zovala asafike m'mutu mwa mwana, chifukwa anapangidwa kuti achotse mafuta m'nsalu, ndipo pa khungu amachitanso ntchito yomweyo. Ngati muli ndi wa mtanda yekha, pakani pang'ono, kawiri kapena katatu pa sabata, masiku enawo madzi okha akwanira. Tsukuluzani bwino kuti thovu lisatsalire. Mukangomupukuta, khungu likadali lachinyezi, mumudzoze Vaseline pang'ono.

Pa zonse zimene tikambe lero, apa ndi pamene mafuta odzola ali mankhwala enieni. Ndipo apa mwapeza muyeso wabwino: ngati mwadzoza mwana masabata awiri koma mutu udakali mbuu, kapena kuyabwa kukukulirakulira, ndiye kuti vuto lake si kuuma. Lekani kugula mafuta ena, mubwere naye. Alipo ana ena amene khungu lawo ndi louma chibadwire, amayabwa m'masaya, m'kati mwa zigongono ndi kuseri kwa mawondo, ndipo kawirikawiri m'banja mwawo mumakhala wodwala mphumu. Amenewa amafunika kuonedwa ndi adokotala, chifukwa nthawi zina mafuta okha sawakwanira.

Mfundu zenizeni

Tsopano ndilankhule za ife eni, amayi, ndi za abambo kunyumba. Mfundu zenizeni ndi vuto la anthu otha msinkhu, ndipo pafupifupi theka la akuluakulu amakumana nazo nthawi ina m'moyo wawo. Pa khungu la munthu aliyense, wosamba ndi wosasamba yemwe, pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso ta mtundu wa yisiti, abale ake a yisiti wotupitsa mandasi. M'chaka cha 1874 katswiri wa ku France, Louis-Charles Malassez, anationa m'mfundu poyang'ana ndi makina okuza zinthu, ndipo mpaka lero timatchedwa Malassezia potsata dzina lake. Chakudya chake ndi mafuta a pa khungu aja. Tikadya timasiya zotsalira zimene kwa anthu ena sizichita kanthu, koma kwa ena zimanyerenyetsa khungu. Khungu likanyerenyetsedwa limafulumira kufundula: ntchito ya mwezi wathunthu limaigwira masiku owerengeka, ndipo tizidutswa timagwa tili tomatana, tokulirapo, tonona, tooneka pa mapewa a malaya.

Chotero mfundu si matenda opatsirana, ndipo si umboni wakuti munthu ndi wauve. Zimachuluka m'nyengo yozizira, ndiponso munthu akatopa, akadwala kapena akakhala ndi nkhawa. Mayi wa khanda amene sagona usiku asadabwe zikamuchulukira. Ndinenenso pano kuti amayi ambiri amathothoka tsitsi patapita miyezi itatu kapena inayi atachira, naganiza kuti mfundu ndizo zikudya tsitsilo. Si choncho ayi. Kumeneko ndi kusintha kwa thupi pambuyo pa pakati, ndipo tsitsi limabwerera lokha mwana akamayandikira chaka.

Cholakwa chimene ambiri timachita ndi ichi: tikaona zoyera m'mutu timati khungu lauma, nitithira mafuta ambiri. Mafutawo amamata mfundu pa khungu, masiku awiri sizioneka, ife nitiyesa zatha. Koma zili pomwepo, ndipo ngati mafutawo ndi ochokera ku mbewu, tawonjezera chakudya cha tizilombo tija. Tikaluka tsitsi nitikhala mwezi ndi theka osalisambitsa poopa kuti lisasuka, kapena tikamanga duku tsitsi lili lonyowa, vutolo limakula. Sambani m'mutu kamodzi pa sabata ngakhale mwaluka, ndipo tsitsi liume musanamange duku. Mafuta dzolani ku tsitsi, osati kuunjika pa khungu.

Kusamba kokha kukalephera, pali sopo wamadzi wa m'mutu, shampu, wokhala ndi mankhwala. Pa botolo yang'anani limodzi la maina awa: ketoconazole, selenium sulphide kapena zinc pyrithione. Ngati simutha kuwerenga maina achilendowa, tidzakulemberani pa kapepala kuti mukaonetse ku sitolo ya mankhwala. Ambiri amati shampuyu sagwira ntchito, koma mukawafunsa bwino mumapeza kuti amapaka ndi kutsukuluza nthawi yomweyo. Mankhwalawa ndi a khungu, si a tsitsi. Pakani ndi nsonga za zala kufikira pa khungu, muwasiye mphindi zisanu pamene mukusamba thupi lonse, kenaka tsukuluzani. Chitani zimenezi kawiri pa sabata kwa masabata awiri kufikira anayi. Zikachepa, pitirizani kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, chifukwa mfundu zili ngati udzu wa m'munda: mumapalira, koma simunganene kuti simudzapaliranso. Musapake pa zilonda, asalowe m'maso, ndipo musamusambitsire mwana wamng'ono popanda kuuzidwa ndi a chipatala. Ngati muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, nenani pogula.

Pali nthawi imene mfundu zimapyola malire a tsitsi. Zimatsikira pa nsidze, m'mbali mwa mphuno, m'makutu ndi pa chifuwa, khungu nilifiira kapena kuyera mawanga. Zikabwera mwadzidzidzi motero, zili zamphamvu ndi zosamva mankhwala, nthawi zina ndi chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo a chipatala adzakupemphani kuyezetsa magazi kuti aone za HIV. Mundimvetse bwino, amayi: sindinanene kuti mnzanu wa mfundu ali ndi kachilombo. Anthu ochuluka zedi a mfundu alibe. Koma kuyezetsa ndi kwaulere, ndipo kuyambira chaka cha 2004 boma limapereka ma ARV kwaulere. Amene wayamba mankhwalawa kawirikawiri khungu lake limakhalanso bwino. Alipo enanso amene nkhanambo zawo ndi zokhuthala, zotuwa ngati phulusa, zopezekanso pa zigongono ndi pa mawondo. Amenewo ndi matenda ena otchedwa psoriasis, osapatsirana, ofunika adokotala a khungu.

Chipere

Tafika pa chimene ndafuna kwambiri kuti mupite nacho kunyumba. Paja ndinati mwana woyenda ali ndi mafuta ochepa m'mutu. Popeza tizilombo ta mfundu timadya mafuta, mwa mwana wotere timasowa chakudya, n'chifukwa chake mfundu zenizeni sizipezeka kawirikawiri mwa ana kuyambira zaka ziwiri kufikira atatha msinkhu. Koma mafuta omwewo ali ndi ntchito ina: mwa munthu wamkulu amathandiza kutchinjiriza mutu ku chipere. Mwana alibe chitetezo chimenechi. Tsono mukaona mwana wa zaka zitatu, zisanu kapena zisanu ndi zitatu ali mbuu m'mutu ndipo akukanda, lingalirani za chipere poyamba, kufikira a chipatala atakuuzani kuti si chimenecho.

Tonse timachidziwa chipere chikakhala chozungulira ngati ndalama yachitsulo, chotuwa, tsitsi litaduka. Koma sichibwera ndi nkhope imeneyo nthawi zonse. Mwa ana ena mutu wonse umangotuwa ngati mfundu, popanda dazi looneka. Mwa ena mumaona timadontho takuda, timene ndi zitsa za tsitsi loduka pa khungu penipeni. Muikeni mwana pa miyendo panu, panja powala, mupatule tsitsi pang'onopang'ono. Yang'anani ngati pali pamene tsitsi lafupika kapena lachepa kusiyana ndi pena. Papasani kuseri kwa makutu ndi kumbuyo kwa khosi. Mukapeza timibulu ta mwanabere, chimenecho ndi chizindikiro champhamvu chakuti si khungu louma chabe. Funsaninso mumtima: kodi abale ake kapena anzake osewera nawo ali nazo zomwezi? Mfundu sizidumpha kuchoka pa mwana kupita pa mnzake, koma chipere chimatero.

Chimene chimayambitsa chipere ndi tizilombo ta mtundu wa chuku, timene timadya tsitsi ndi khungu lakunja. Timayenda pa chipeso, pa lumo, pa makina ometera, pa chipewa, pa nkhata, pa mtsamiro ndi pa mphasa imene ana amagonapo mitu itagundana. Mbewu zake zimakhala ndi moyo miyezi yambiri pa zinthu zimenezi. Tina timachokera kwa amphaka, agalu ndi ana a ng'ombe amene ali ndi mawanga othothoka ubweya. Sukulu zikamatsekulidwa, ana amafola kwa wometa mmodzi, makina omwewo nayenda pa mitu makumi awiri osatsukidwa. Pakatha masabata angapo mudzi wonse uli ndi zipere.

Nanga n'chifukwa chiyani mafuta opaka sachiza chipere cha m'mutu, pamene cha pa mkono chimamva? Alimi nonse mumamudziwa kapuchi. Akalowa m'kati mwa phesi la chimanga, chimene mwawaza pa masamba sichimufika. Tizilombo ta chipere natonso timatsikira ku muzu wa tsitsi, nitilowa m'kati mwa tsitsilo. Mafuta a Whitfield ndi ena otere amathandiza chipere cha pa thupi, koma m'mutu amangoyeretsa pamwamba, mukaleka, chabwereranso. Chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, amene amayenda m'magazi nafika ku muzu, kotero kuti tsitsi latsopano limamera lili lotetezedwa. Odziwika kwambiri ndi griseofulvin, amene anayamba kuperekedwa kwa anthu m'chaka cha 1958. Aliponso ena otchedwa terbinafine, ndipo adokotala ndiwo amasankha oyenera mwana wanu.

Pa griseofulvin pali zinthu zimene mayi ayenera kuzigwiritsa. Muyeso wake umatsata kulemera kwa mwana, n'chifukwa chake timayamba tamukweza pa sikelo; musagawire mng'ono wake mapiritsi a mkulu wake. Mwana amamwa tsiku lililonse kwa masabata 6 kufikira 8, nthawi zina kupitirira, popeza tsitsi limakula pang'onopang'ono ndipo lodwalalo liyenera kutuluka lonse. Pakatha masabata awiri kapena atatu mutu umayamba kuoneka bwino, ndipo apa ndi pamene amayi ambiri amalekera, nasunga mapiritsi otsala kuti adzathandize tsiku lina. Mukatero chipere chimabwerera, ndipo ntchito yonse iyambanso. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chamafuta: phala lothira nsinjiro kapena supuni ya mafuta ophikira, mkaka, kapena peyala. Mwana akachita zidzolo thupi lonse, akamasanza kosalekeza, kapena maso akachita chikasu, imitsani mubwere naye. Mayi wapakati asamwe griseofulvin konse, chifukwa angathe kuvulaza mwana wosabadwayo. Zikachitika kuti mankhwalawa atha pa chipatala chanu chaching'ono, pemphani kuti akulembereni dzina ndi muyeso wake m'buku la mwana, mukafunse ku chipatala chachikulu kapena ku sitolo yovomerezeka ya mankhwala. Mapiritsi a pa msika opanda dzina asiyeni.

Pamene mwana akumwa mankhwala, a chipatala angakuuzeni kumusambitsa ndi shampu wa ketoconazole kawiri pa sabata. Yekha sachiza, koma amachepetsa mbewu zogwera ena. Chipeso chiviikeni m'madzi owira kapena othira klorini. Zipewa, zofunda ndi nsalu za mtsamiro zichapidwe, ziyanikidwe pa dzuwa. Ana onse a m'nyumba muwayang'ane m'mutu, ndipo amene akukayikitsa abwere nawonso. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mukaona wa nyumba yoyandikana ali nacho, auzeni amake mwaulemu, chifukwa mukachiza wanu yekha adzachitenganso pabwalo posewera. Kumeta mpala si mankhwala, ndipo sikofunika. Ngati mukumeta, lumo likhale la mwana mmodzi, pakuti lumo lobwerekana limanyamulanso matenda a m'magazi. Kwa wometa, musachite manyazi kupempha kuti atsuke makina inu mukuona. Mwana amene wayamba kumwa mankhwala angathe kupita ku sukulu kapena ku mkombaphala. Palibe chifukwa chomutsekera m'nyumba.

Nthawi zina thupi limalimbana ndi chipere mwaukali, ndipo pamutu pamatupa chotupa chachikulu, chofewa, chopweteka, chotuluka mafinya m'timabowo tambiri. Ambiri amayesa chithupsa, nafuna kuchiboola kapena kutemera. Musatero. Chimenechi ndi chipere chomwe, ndipo chimaphwa ndi mankhwala akumwa aja. Mukachedwa, mizu ya tsitsi imafa. Ndimakumbukira mtsikana wina wa zaka zinayi amene anabwera naye agogo ake. Anayamba ndi kawanga kotuwa, ndipo a kunyumba anati ndi mfundu, namudzoza mafuta miyezi iwiri. Patatupa, wina anawalangiza kuthira madzi a m'batire ya galimoto kuti aphe chiperecho. Mwanayo tinamuchiza chipere ndi chilonda chomwe, koma pamene panapsa, malo aakulu ngati chikhatho chake, sipadzameranso tsitsi. Agogowo ankamukonda mdzukulu wawo monga inu mukondera anu. Anangolandira malangizo oipa. Madzi a batire, mafuta a mabuleki, palafini, mankhwala a mbewu ndi a dipi ya ng'ombe amawotcha khungu, ndipo ena amalowa m'magazi a mwana. Chenjeraninso ndi timachubu ta mafuta oyeretsa khungu ndi ena ogulitsidwa pa msika ochiza "zonse". Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid, amene amaziziritsa kuyabwa masiku ochepa pamene chipere chikuyanga pansi.

Mankhwala owongola tsitsi nawonso asafike pamutu pa mwana wamng'ono. Ndi aukali, amasiya zilonda ndi nkhanambo zimene pambuyo pake timazitcha mfundu. Ndipo poluka kamtsikana musakoke kwambiri. Mwana akamalira kuti mutu ukuwawa, kapena mukaona timatuza m'mphepete mwa tsitsi, masulani.

Zatsala zitatu zofanana ndi mfundu, zimene ndinene mwachidule. Mazira a nsabwe ndi oyera ngati mfundu, koma mfundu zimagwa mukakung'untha, pamene mazira amakakamira ku tsitsi, makamaka kuseri kwa makutu. Chachiwiri ndi zilonda za mafinya zokhala ndi nkhanambo zonga uchi wouma, zimene zimabwera mwana akakanda ndi zikhadabo zakuda. Muziwenga zikhadabo za ana, ndipo zilonda zotere musazipeputse: mwana akatupa kumaso, mkodzo nukhala wochepa ndi wofiirira ngati tiyi patapita masabata awiri kapena atatu, ndiye kuti tizilombo ta zilondazo tavulaza impso, ndipo afunika chipatala tsiku lomwelo.

Chachitatu chikukhudza sikelo imene tabwerera. Mwana wosowa chakudya chokwanira, makamaka chomanga thupi, tsitsi lake limafiira, limapyapyala, limawongoka ndi kuzuka mosavuta, ndipo khungu limasupuka ngati penti wakale pa khoma. Dinani pamwamba pa mapazi ake onse awiri ndi chala. Pakatsala dzenje, mwanayo watupikana. Amenewa ndi matenda amene Dr Cicely Williams anawalongosola m'dziko la Gold Coast, limene tsopano ndi Ghana, m'chaka cha 1933, ndipo amadziwika ndi dzina lakuti kwashiorkor. Mwana wotere safuna shampu kapena mafuta; afuna chithandizo cha kunyentchera lero lomwe, pamodzi ndi chiponde kapena mkaka wa kuchipatala. Ndiye chifukwa chake ife tikamayang'ana m'mutu timayang'ananso mapazi, lamba wa pa mkono ndi mzere wa m'buku la mwana.

Tsopano tiyambe. Konzani mabuku a ana, ndipo mwana aliyense akamafika pa sikelo mumuvule chipewa. Amene mwaona chokayikitsa m'mutu mwa mwana, ngakhale wa kunyumba amene simunabwere naye, mukatha kuyeza musapite. Khalani pa benchi la kumanzereli, tidzaonana mmodzimmodzi.